Funsani amakaniko: pikapu yagona pakhomo zaka zambiri, tiyambire pati?

Mwezi uno makalata ambiri amene abwera ndi okhudza mapikapu akale, kaya n'chifukwa choti mitengo ya magalimoto oitanitsa kunja yapenga nde aliyense wakumbukira chiphapha chomwe chili kuseli kwa nyumba, kaya. Ndasankhapo angapo, ena ndawadulako pang'ono chifukwa munalemba mbiri ya banja lonse. Amene munafunsa za maminibasi mudikire kaye mwezi wamawa.

FUNSO: Amakaniko, ine ndili ndi Nissan 1400 imene anasiya malemu bambo anga, yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka 6 osalira olo kamodzi mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Ndapezako kangachepe nditagulitsa soya nde ndikufuna ndiidzutse izindithandiza kupititsa katundu ku msika. Mnyamata wina wopenta magalimoto wandiuza kuti tiyambe kupenta kuti ndikhale ndi mtima woipitiriza, kenaka tigule batire tiilize. Kodi akunena zoona?
Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Pepani ndi imfa ya bambo achimwene. Mnyamatayo akunena zoona za thumba lake, za galimoto yanu ayi. Penti ndi chinthu chomaliza, chomaliziratu, chifukwa mukapenta lero mawa mudzafunika kuwotcherera pansi pa chitseko nde penti yonse ija yapsa, ndalama ya soya yapita.

Choyamba si sipanala ayi, ndi mapepala. Blue book ili kuti, ndipo ili m'dzina la ndani? Ngati ikadali m'dzina la malemu khalani pansi ndi abale anu mugwirizane kaye kuti galimotoyo ndi ya ndani, mulemberane, kenaka mukafunse kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General za makalata a chuma cha masiye, ndi amene a Road Traffic adzafune kuti asinthe dzina. Izi ndikunena dala, chiphapha chikakhala pansi pa mango palibe amachifuna, koma tsiku limene chidzalire n'kutuluka pa geti amalume onse amakumbukira kuti nawonso ndi abale. Muonenso nambala ya injini ndi ya chassis ngati zikufanana ndi zolembedwa m'buku, nambala zimenezi zimabisika ndi dzimbiri ndi oyilo nde muzipukute ndi bulashi ya waya, osati galayinda, mukazifufuta mwadziputira mlandu.

Chachiwiri lowani pansi ndi tochi ndi sikuludilaiva yaikulu, muzibaya zitsulo makamaka pomwe masipuling'i a kumbuyo amangiriridwa, pansi pa mipando, pomwe pamakhala mapazi, ndi pansi pa batire. Sikuludilaiva ikamalira ngwee n'kubwerera ndiye kuti chitsulo chilipo, ikalowa ndiye kuti mwapeza ntchito. Timabowo tapansi pa mapazi si nkhani, timawotcherera, koma ngati pomwe pamagwira masipuling'i pafumbwa mbali zonse ziwiri ganizani kawiri musanaike ndalama ina iliyonse. Ndipo polowa pansi musadalire jeke yokha, komanso musaike njerwa, njerwa imaphwanyika osachenjeza, ikani zipika za mtengo wolimba zodulidwa bwino kapena ma stand achitsulo, pamalo a fulati, matayala otsalawo mutawatsekera ndi miyala.

Nde tibwere ku injini. Mwayi wanu ndi woti galimoto imeneyi ndi yosavuta, injini yake ndi A14 ya 1397cc, ili ndi tcheni m'malo mwa timing belt, kabuleta imodzi, kompyuta mulibe, anthu a ku South Africa komwe inkapangidwa anaipatsa dzina loti Kanniedood chifukwa chokana kufa. Koma olo ikhale yokana kufa, kuika batire n'kupotokola kiyi pa injini imene yagona zaka 6 ndi njira yachidule yothyolera maring'i. Tulutsani mapulagi onse 4, thirani oyilo pang'ono pa bowo lililonse, kasupuni kamodzi kapena tiwiri, ena amasakaniza ndi dizilo kapena ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki aja, kuti alowerere msanga, isiyeni masiku angapo. Kenaka giya ili pa fili, gwirani bawuti ya pa crank pulley ndi sipanala muzungulitse ndi manja mofatsa. Ikazungulira kawiri konse osagwira penapake sangalalani. Ikakana musaikirire paipi ku sipanala n'kudumphirapo, onjezerani oyilo mudikirenso, muziigwedeza uku ndi uku pang'onopang'ono. Ikakanabe ndiye kuti mwina madzi a mvula analowa kudzera ku kabuleta, pamenepo hedi iyenera kutsika basi.

Oyilo wakale mukhetse, fyuluta yatsopano, ndipo pokhetsapo muyang'ane, akatuluka wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi anasakanikirana ndi oyilo. Petulo amene anatsala mu thanki musamuyese n'komwe. Paja petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku mizimbe, zinayambira ku Dwangwa mu 1982, nde ethanol ameneyu amakoka chinyontho, akakhalitsa amasiya madzi pansi pa thanki n'kudyetsa dzimbiri, amaumitsanso timapaipi ta labala ndi ka diaphragm ka mu pampu ya petulo. Tsitsani thanki muitsuke, sinthani mapaipi onse a labala ndi kafyuluta ka petulo, kabuleta muimasule pa tebulo loyera mutayala nsalu, majeti muwapemerere ndi mpweya, osawatokosa ndi singano chifukwa bowo likakula galimoto imasanduka chidakwa cha petulo. Tsiku loyamba kuiliza mutha kuimwetsa petulo kuchokera mu kachigubu koyera kuti mudziwe kuti vuto si thanki, koma mukhale panja, ndowa ya mchenga ili pafupi, wosuta fodya akhale kutali.

Ngati yanuyo ndi ya mapointi, tizitsulo ta mu distributor tothandiza kupereka moto ku mapulagi, atsukeni kapena gulani ena pamodzi ndi condenser, mpata wake ndi pakati pa 0.45 ndi 0.55 mm, mawaya a mapulagi amatsatana 1-3-4-2, mavalavu mudzawaike pa 0.35 mm injini itatentha. Musanabwezeretse mapulagi izungulitseni ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime, ndiye kuti oyilo wafika m'mwamba. Yang'ananinso mu bokosi la air filter ndi mu ekizozi, makoswe amakonda kusungamo chimanga. Ikalira musaiponde moto kuti aneba amve, isiyeni izilira yokha pansipansi inu mukuyang'ana geji ya kutentha ndi pansi ngati pakudontha kanthu. Utsi wa mphindi zoyambirira usakuopseni, ndi oyilo munathira uja akupsa.

Ndipo ikalira chonchi si kuti mukwere mupite ku msika, werengani kaye zomwe ndawayankha abambo a ku Mzimba m'munsimu za mabuleki.

FUNSO: Bambo makaniko ndithandizeni mwina inu akumverani. Amuna anga anagula Hilux yakale kwa mnzawo ati aikonze okha pa weekend. Inabwera ikuyenda yokha koma pano chaka chachiwiri chikutha, zitseko zili pa khonde, mipando ili kuchipinda kwa ana, giyabokosi ili mu sitolo momwe ndimasunga ufa, mabawuti ali m'mabeseni anga. Ndikafunsa amati akudikira ndalama ya ovaholo. Kodi imeneyi idzayendanso kapena tingogulitsa kwa a sikilapu?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mabeseniwo akubwezereni kaye. Matenda a bambowa ndi ofala, munthu amaonera mavidiyo a pa YouTube a azungu amene ali ndi galaja ya simenti, makina okwezera galimoto ndi ndalama ya masipeya onse pakamodzi, nde nayenso amamasula chilichonse sabata imodzi, kumasula n'kokoma komanso n'kwaulere, kumanga ndi kumene kumafuna ndalama ndi mutu wokumbukira kuti bawuti iyi inachoka pati. Galimoto ya pakhomo timakonza mbali imodzi n'kuibwezeretsa, iyende, kenaka ina. Mabuleki mwezi uno, mabushi ndi ma tie rod mwezi wamawa, choncho, galimoto ikamayenda imadzipezera yokha ya masipeya ndi timaganyu ta mchenga ndi makala.

Koma poti zachitika kale, musagulitse kwa a sikilapu, iwo amagula pa kilo ndipo mudzalira. Hilux olo ili zidutswa anthu amaifuna. Auzeni bambo achite izi, ndikulankhula ndi inu bambo ngati mukuwerenga. Sonkhanitsani zonse malo amodzi ouma, mabawuti muwagawe m'timajumbo mulembe ndi maka kuti awa ndi a chitseko awa ndi a giyabokosi, amene simukuwadziwa akhale paokha. Injini ngati ili yotsegula pakani oyilo m'masilinda ndi pa crankshaft muvindikire, dzinja limodzi lokha limakwana kuiononga. Pezani wina amene ali ndi Hilux ya mtundu womwewo mumupemphe mujambule ndi foni paliponse, pansi, mu boneti, kuseli kwa dashibodi, zithunzi zimenezo ndiye buku lanu. Ndipo funso limene mayi sanafunse koma ine ndifunsa, ndani ananena kuti ikufunika ovaholo? Paja inabwera ikuyenda. Munayezetsa compression, mphamvu imene masilinda amapanikizira mpweya? Injini zambiri zimatsegulidwa chifukwa cha utsi woti vuto linali manozo opopera mafuta mu injini kapena air filter yotsekeka basi. Ngati simunaitsegule musaitsegule, bwezeretsani giyabokosi ndi kilatchi, ilire, muyeze, muone chomwe chikuvutadi.

Ngati pofika Khirisimasi giyabokosi ikadali pa ufa, mayi lembaninso, tidzakambirana za mtengo wogulitsira.

FUNSO: Akulu, ndinadzutsa Hilux 2.8 dizilo ndekha pakhomo, ikuyenda bwinobwino kuno kuchigwa koma ndikangoyamba kukwera phiri kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre nditanyamula geji imathamangira ku red. Makaniko wina anachotsa thermostat ati zimenezo ndi za kumayiko ozizira, koma palibe chasintha. Madzi ndimathira a pa mjigo tsiku lililonse. Chikuvuta n'chani?
Dalaivala wa ku Nchalo

YANKHO: Aise, mwayankha nokha theka la funso, mukuti mumathira madzi tsiku lililonse, nde madziwo akupita kuti? Galimoto yabwino simwa madzi. Ndipo thermostat ija ibwerere. Nkhani yoti ndi ya kumayiko ozizira ndaimva kuyambira kalekale ndipo ndi bodza limene lapha injini zambiri, ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha koyenera, madigiri 80 ndi kanthu, komanso pa injini zambiri ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kuti madzi onse adutse mu ladiyeta, mukaichotsa madzi ena amangozungulira mu injini momwemo osakazizira. M'mawa injini imachedwa kutentha, imadya dizilo wambiri ndipo masilinda amatha msanga. Ngati mukuikayikira iponyeni m'madzi owira muone ngati ikutseguka, ikakana gulani ina, osasiya pabowo.

Pa injini yanuyi, imene a Toyota amaitcha 3L, yambani ndi zotchipa. Chivindikiro cha ladiyeta, anthu amachinyoza koma ndi chimene chimasunga pulesha, cha 0.9 bar chimapangitsa kuti madzi asawire mpaka kuyandikira madigiri 120, labala yake ikatha madzi amawira msanga n'kuthawira panja. Kenaka fani, ambiri mwa ma Hilux amenewa fani yake ili ndi kakilatchi ka mafuta pakati, injini itatentha muizimitse muyese kuzungulitsa fani ndi dzanja, ikamazungulira mopepuka osalimba ndiye kuti yatha, pa fulati simungadziwe chifukwa mphepo ikulowa yokha koma pa phiri muli pa giya 2 ndi pamene imaonekera. Chipulasitiki chozungulira fani chija chiliko kapena chinatayidwa? Lamba wa fani ndi wokoka bwino? Kutsogolo kwa ladiyeta sikunatsekeke ndi udzu, matope ndi tizilombo?

Nde madzi a pa mjigo aja. Kuchigwa kwanuko mijigo yambiri madzi ake ndi amchere, inu nomwe mukudziwa mmene ketulo imaonekera mkati, zomwezo zikuchitika m'timapaipi ta ladiyeta. Ipititseni kwa okonza maladiyeta aitsegule pamwamba atokose kapaipi kalikonse, kungoitsuka ndi paipi ya madzi sikuthandiza. Mukabwezeretsa thirani coolant wosakaniza ndi madzi oyera owonjezera mu batire aja, osati asidi, kapena a mvula osefa bwino, coolant si wa kuzizira kokha, amaletsa dzimbiri komanso amateteza water pump.

Zonsezi zikakhala bwino koma madzi akutherabe, m'mawa injini isanatenthe tsegulani chivindikiro, dzazani madzi, ilizeni muyang'ane. Mukaona thovu likubwera mosalekeza, kapena paipi ya pamwamba ikulimba gwa patangopita mphindi zochepa, ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa kapena hedi yang'aluka, ndipo injini za banja la L zikawira kangapo hedi imakonda kung'aluka pakati pa mavalavu. Mukatsitsa hedi isabwerere isanapite ku engineering kukayezedwa ngati yapindika kapena ili ndi mng'alu, ndipo pomanga mubwereke torque wrench, mabawuti a hedi samangidwa ndi mphamvu za nsima. Poti mwafika kale pamenepo sinthanitu timing belt ndi tensioner yake, imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse ndipo pa galimoto yakale palibe amene akudziwa kuti inasinthidwa liti, ikaduka mukuyenda mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Chomaliza, geji ikakwera imani pambali, musatsegule chivindikiro pompo ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha yozimitsa. Komanso tanenani zoona, pa phiri limene lija mumakhala mutanyamula matumba angati?

FUNSO: Pikapu yanga ndi Isuzu KB, injini ilibe vuto koma kumbuyo konyamulira katundu kwaboka mabowo, dzimbiri likulowera mpaka ku chassis. Anyamata a pa msika akuti aika waya wa nkhuku ndi filler n'kupenta ziziwoneka zatsopano. Ndimanyamulira feteleza ndi fodya.
Mlimi wa ku Mchinji

YANKHO: Bambo, wakudyerani galimoto ndi fetelezayo. Urea ndi NPK zikatayikira m'ngodya n'kukumana ndi chinyontho zimadya chitsulo koopsa, chimodzimodzi amene amanyamula nsomba ndi mchere kunyanja kapena manyowa a nkhuku. Mukatsitsa feteleza muzitsuka ndi madzi ambiri tsiku lomwelo, timabowo totulutsira madzi tikhale totsegula, ndipo labala kapena matabwa amene anthu amayala kumbuyoko muziwachotsa nthawi zina chifukwa pansi pake sipauma.

Za waya wa nkhuku ndi filler, imeneyo ndi ntchito yokonzera galimoto yoti mugulitse kwa munthu amene simudzakumana nayenso, ndipo sindikukulimbikitsani. Filler ndi wosalazira timakwinya tating'ono, kukhuthala kwake kusapose mamilimita 3 kapena kuyandikira pamenepo, alibe mphamvu, amamwa madzi kuchokera kuseli, pa msewu wa mabampu amang'aluka n'kugwa chigamba chonse. Dzimbiri mankhwala ake ndi kudula. Dulani mpaka mufike pa chitsulo chowala, dulani chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana, wotcherani pang'onopang'ono modumphadumpha kuti lata lisapindike ndi moto, salazani, pakani red oxide kapena primer ina mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, chitsulo chosapenta chikagona usiku umodzi kunja chimayamba kale kufiira.

Kuti muone bwino chassis tsitsani bodi yonse ya kumbuyo, ndi mabawuti ochepa, anthu 4 kapena 6 amainyamula. Pamenepo mudzaona matope amene akhala mkati mwa chassis zaka zonsezi, atulutseni ndi waya ndi madzi. Chassis siwotcherera wa mawindo ndi mageti ayi, pezani amene amadziwa za magalimoto, chigamba chake chimakhala chokhuthala, nsonga zake zosongoka kapena zozungulira osati kudula mzere woongoka kuchoka pamwamba mpaka pansi, apo ayi idzathyokera pomwe pathera chigambapo. Musanayambe kuwotcherera chotsani mawaya a batire, thanki ichoke kapena itetezedwe bwino pamodzi ndi mapaipi a mafuta ndi a mabuleki. Thanki yeniyeniyo ikakhala yoboka, makamaka ya petulo, musalole mwana wa munthu aiyandikize moto pakhomo panu olo atanena kuti waitsuka, mpweya wotsalira mkati ndi umene umaphulika. Mukamaliza pentani chassis ndi penti yakuda yolimba, mkati mwake mupoperemo oyilo kapena mankhwala oletsa dzimbiri chaka chilichonse mvula isanayambe.

Penti ya pamwamba ngati mukufuna ya 2K yowala ija dziwani kuti hardener wake ndi poizoni ku mapapo, kansalu kapamphuno sikateteza, nde kupopera pabwalo ana akusewera pafupi ayi. Pikapu ya kumunda enamel wamba amakwana.

FUNSO: Yanga yakhala zaka 3, ndailiza yalira. Mabuleki ndikaponda kawiri katatu amagwira. Matayala mapanga akadali ambiri. Ndingapite nayo ku COF kukaiyezetsa kuti iloledwe kuyenda pa msewu?
Bambo wa ku Mzimba

YANKHO: Ayi bambo, ndipo musatuluke nayo pa geti. Buleki yopopa ndi buleki imene ikukuuzani kuti muli mpweya kapena mafuta akuthawa penapake, tsiku limene mwana adzadumphire pa msewu simudzapeza nthawi yoponda katatu. Mafuta a mabuleki amakoka chinyontho, galimoto ikaima madziwo amadyetsa dzimbiri mkati mwa master cylinder ndi timasilinda ta kumatayala. Tsegulani madilamu onse, mukaona ponyowa sinthani kasilinda konse ngati mkati mwakumbika, marabala okha sagwira pa chitsulo chokumbika. Ma shoe amene anyowa ndi mafuta ndi otaya, osawawotcha pa moto n'kubwezeretsa. Fumbi la mu dilamu musalipemerere ndi pakamwa kapena kompulesa, ma shoe akale ena ali ndi asbestos, pukutani ndi nsalu yonyowa. Mapaipi a labala apindeni muone ngati ali ndi ming'alu, achitsulo muwatsate mpaka kumbuyo. Thirani mafuta atsopano a DOT 3 kapena DOT 4 a m'botolo lotsegula kumene, potulutsa mpweya muyambire tayala lakutali ndi master cylinder, mnzanu akupopa inu mukutsegula kanipo, kabotolo ka pamwamba kasaume. Handibuleki nayo igwire, ku COF amaiyesa.

Matayala musaone mapanga okha. Pambali pali manambala 4 kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, mwachitsanzo 2314 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2014. Tayala limene ladutsa zaka 10, kapena lili ndi ming'alu m'mbali chifukwa chokhala padzuwa lopanda mpweya, limaphulika mutanyamula. Ndipo pikapu imafuna matayala a katundu, olembedwa C kumapeto monga 195R14C, osati a galimoto yaing'ono chifukwa choti mwawapeza motchipa. Gwedezaninso tayala lililonse lili m'mwamba, kumtunda ndi kumunsi, kumanja ndi kumanzere, mumve ma bearing, ma ball joint ndi ma tie rod. Zikatheka izi, nyali zonse, hutala, ma wiper ndi magalasi, inshuwalansi, nde muzipita.

FUNSO: Amakaniko ine ndili ku Joni, mng'ono wanga kumudzi ku Mangochi akukonza Nissan 1400 yathu. Ndimutumizire masipeya ati kuchokera kuno, nanga si bwino ndingogula injini ina ya galimoto yatsopano tiikemo?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene muli pa chitsime penipeni. Galimoto imeneyo inkapangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, inayamba ngati Datsun 1200 mu 1971, n'kukhala 1400 mu 1980, ndipo anasiya kuipanga mu 2008 pomwe inalowedwa m'malo ndi NP200, nde masipeya ake kumeneko ali mbwee, atsopano ndi a m'masikilapu omwe. Tumizani zing'onozing'ono zomwe kuno zimavuta kupeza zenizeni, kit ya kabuleta, pampu ya petulo, water pump, timasilinda ta mabuleki ndi master cylinder, gasket set yonse, kilatchi yonse pamodzi ndi release bearing, mabushi, marabala a zitseko ndi a galasi la kutsogolo, magalasi a nyali za kumbuyo. Zolemera ngati masipuling'i, madilamu ndi zitseko ayambe wafufuza konkuno, ku Ndirande ku Blantyre kapena ku Biwi ku Lilongwe zimapezeka za kaunjika, mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa boda ungapose chinthucho. Mng'ono wanuyo azikujambulirani chakalecho pa WhatsApp pamodzi ndi chaka cha galimoto musanagule, chifukwa pa zaka zonse zija zina zinasintha, zoyambirira zinali ndi magiya 4 ndi madilamu kutsogolo, zam'mbuyo muno magiya 5 ndi ma disc. Malisiti musunge, pa Mwanza kapena pa Dedza adzawafuna.

Zosintha injini ine sindikuvomereza. Injini ya galimoto yatsopano imabwera ndi kompyuta, mawaya ake, pampu ya petulo ya pulesha, ma mounting osiyana, mwina giyabokosi ndi propshaft yodula, kenaka mukalembetsenso nambala ya injini ku Road Traffic, ndipo ikadzazima pakati pa Monkey Bay ndi Golomoti palibe adzaidziwe. A14 makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Yezetsani compression kaye, masilinda onse akakhala ofanana isiyeni, imodzi ikatsika thirani kaoyilo pa bowo la pulagi muyezenso, nambala ikakwera ndi maring'i, ikapanda kusintha ndi mavalavu kapena gasiketi. Ngati yathadi, A14 ina kapena kuikonza yomweyo n'kotchipa kuposa zonsezo.

FUNSO: Batire yatsopano koma m'mawa uliwonse timakankha. Fyuzi ya nyali imapsa pafupipafupi nde ndinakulungapo waya wa kopa. Mazda B1600.
Mnyamata wa ku Luchenza

YANKHO: Chotsa waya wa kopayo lero lomwe mphwanga, fyuzi ikamapsa ndiye kuti penapake waya wasupuka akukhudza bodi, iweyo wachotsa mlonda nde chotsatira kupsa ndi dashibodi yonse. Tsata mawaya a nyali za kumbuyo pansi pa bodi pomwe amadutsa pa zitsulo, ndi pomwe eni ake akale analumikizapo wailesi ndi ma spotlight, kawirikawiri vuto limakhala pamenepo, makoswenso amatafuna. Za batire bwereka multimeter, galimoto itazima iwerenge 12.6 kapena kuyandikira, ikulira iwerenge pakati pa 13.8 ndi 14.4, ikapanda kukwera ndiye kuti alternator sikutchaja kapena lamba ndi wolefuka. Ikamatchaja bwino chotsa waya wa negative usiku, m'mawa ubwezeretse, ikalira ndiye kuti pali chimene chikuba moto galimoto itazima, uzichotsa mafyuzi imodziimodzi mpaka uchipeze. Tsukanso mitu ya batire ndi waya wa earth wochoka pa injini kupita ku bodi, umange zolimba, osakhomerera msomali pa terminal.